ZA KUMAFUWA: Waffle wopanda dzira, kuti dzira lipite kwa mwana

Achinyamata a m'boma la Mecanhelas akamabwerera kumudzi kuchokera ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, sabwera ndi sopo ndi zitenje zokha. Amabweranso ndi zithunzi za zakudya m'mafoni mwawo. China mwa zakudya zimene zimadabwitsa amayi pa zithunzizo ndi kakeke kophwatalala, kamaenjemaenje ngati chisa cha njuchi, kamene eni ake amakatcha waffle. Akakaona, amayi ambiri amangoti zimenezo ndi za anthu a ndalama, chifukwa keke aliyense wa m'tauni amafuna mazira, mkaka ndi batala.

Zoona zake n'zakuti waffle angathe kuphikidwa pa mafuwa a ku Insaca kapena ku Chiuta popanda dzira, popanda mkaka, ndipo n'kukoma ndithu. Pali chifukwa chachikulu chimene mayi ayenera kuphunzirira kaphikidwe kameneka, ndipo chifukwacho ndi mwana wake.

Waffle ndi chakudya chakale cha ku Ulaya, ndipo dziko limene linatchuka nacho kwambiri ndi Belgium. Makolo a kumeneko ankathira ufa wokandidwa pakati pa zitsulo ziwiri za zigwiriro zazitali, n'kuziika pa moto wa nkhuni. Magetsi kunalibe. Ku America, munthu wina dzina lake Cornelius Swartwout analembetsa ku boma chiwaya chake cha waffle choika pa chitofu m'chaka cha 1869, ndipo waffle wa ku Belgium anatchuka kwambiri m'dzikolo pa chionetsero chachikulu cha mu mzinda wa New York mu 1964.

Nanga mawu akuti vegan, amene achinyamata akuwatchulatchula, akutanthauza chiyani? Mawuwa anayamba ku England mu Novembala 1944, pamene bambo Donald Watson ndi anzawo anayambitsa bungwe la Vegan Society. Munthu wa vegan sadya chilichonse chochokera ku chamoyo choyenda, chouluka kapena chosambira: nyama, nsomba, mazira, mkaka, ngakhale uchi. Anthu otere atafuna kudya waffle anayamba kufufuza chimene angaike m'malo mwa dzira, ndipo china mwa zimene anapeza ndi nthochi yakupsa.

Apa amayi a kuno angaseke, ndipo akhoza kuseka ndithu. Zitumbuwa zimene zimagulitsidwa pa msika wa Entre Lagos ndi tsidya lina ku Nayuchi zimapangidwa ndi nthochi, mgaiwa, soda ndi mchere basi. Chigumu cha agogo ambiri sichinaonepo dzira. Chimene azungu akuchitcha chatsopano, kuno chakhala chikuphikidwa kuyambira kale. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma pa nkhani iyi mlendo wangobweretsa dzina ndi maenje aja.

Tsono nkhani ya mwana ili motere. Kafukufuku wa zaumoyo amene bungwe la boma la Instituto Nacional de Estatística linachita mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko la Mozambique, ana 37 ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana akamakhuta phala ndi nsima koma osapeza zakudya zokulitsa thupi. Dzira ndi chimodzi mwa zakudya zabwino kwambiri zokulitsa mwana, koma pamudzi mazira ndi owerengeka. Nkhuku ya kumudzi imaikira mazira ochepa, ena amasiyidwa kuti iswe anapiye, ena amagulitsidwa kuti pakhomo papezeke mchere, ndipo chitopa chikalowa khola lonse limatha m'masiku ochepa.

Choncho mayi akaswera dzira limodzi mu ufa umene udzadyedwe ndi anthu khumi, mwana wa chaka chimodzi amapatapo kachigawo kosaoneka n'komwe. Koma dzira lomwelo likawiritsidwa n'kunyenyeredwa m'phala la mwanayo, thupi lake limalandira dzira lathunthu. Ntchito ya dzira mu keke ndi kugwirizitsa ufa kuti usanyenyeke, ndipo ntchito imeneyo nthochi imaigwira bwinobwino. Ntchito ya dzira m'thupi la mwana, nthochi singaigwire.

Zofunika kusonkhanitsa

Mayi amene akufuna kuyesa asonkhanitse izi, poyeza ndi kapu ya tiyi: kapu imodzi ya mgaiwa wosefa bwino, kapu imodzi ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya nsinjiro, nthochi ziwiri zakupsa kwambiri, makapu awiri osadzaza a mkaka wa mtedza, masupuni akulu atatu a mafuta ophikira, supuni yaikulu imodzi ya shuga, masupuni akulu awiri a madzi a mandimu, theka la supuni yaing'ono ya soda, ndi mchere wotapa ndi zala ziwiri. Nthochi zimene zayamba mawanga akuda, zimene ogula amazikana pa msika, ndizo zabwino koposa chifukwa zimatsekemera ndiponso zimamata.

Mkaka wa mtedza si wa kusitolo. Mayi aviike kapu imodzi ya mtedza wosankha bwino m'madzi usiku wonse. M'mawa ataye madziwo, asinje mtedzawo mu mtondo mpaka usalale, athiremo makapu atatu a madzi abwino, asefe ndi kansalu kochapa bwino, kenaka awiritse. Amene ali ndi soya angachite chimodzimodzi, koma mkaka wa soya uyenera kuwira kwa mphindi zosachepera 20, chifukwa soya wosapsa amavutitsa m'mimba. Zotsalira pa kansalu zisatayidwe. Zimalowa bwino mu ndiwo za nkhwani kapena chisoso. Ngati tsikulo nthawi yachepa, madzi wamba angalowe m'malo mwa mkakawu, poti nsinjiro zili kale mu ufa.

Kakonzedwe kake

Choyamba mayi aviike mgaiwa mu mkaka wa mtedza kwa mphindi 15 kuti ufewe, apo ayi waffle amatuluka wa mchengamchenga m'kamwa. Pamene mgaiwa ukufewa, afinye nthochi ndi foloko kapena chipande mpaka zikhale ngati phala. Kenaka aphatikize nthochi, mafuta, shuga, mchere ndi madzi a mandimu ndi mgaiwa uja. Pambali asakanize ufa wa tirigu, nsinjiro ndi soda zili zouma, ndipo pomaliza athire zoumazo mu zamadzi zija n'kutakasa pang'ono chabe. Ufawo ukhale wolimba ngati phala la mwana wamkulu, wotsika pa chipande mwaulesi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ophika ambiri. Choyamba ndi soda. Soda akakumana ndi chinthu chowawasa monga mandimu, bwemba kapena malambe, amatulutsa mpweya umene umatupitsa ufa. Mpweyawo umayamba kutuluka nthawi yomweyo, choncho chiwaya chikhale chitatentha kale soda asanalowe. Ndipo soda akachuluka, keke amasanduka wachikasu n'kumamveka sopo m'kamwa. Chachiwiri ndi kutakasa. Ufa wa tirigu ukatakasidwa kwambiri umayamba kunyumbwira ngati mphira, ndipo waffle amatuluka wolimba. Timibulu tating'ono tikatsala mu ufa, tisiyidwe.

Ufa wa tirigu ndi umene umadya ndalama pa zonsezi. Pafupifupi tirigu yense amene amadyedwa m'dziko muno amachokera kunja, ndipo mtengo wake ukakwera kutali, umakweranso pa golosale ya m'mudzi. Akuluakulu akukumbukira zipolowe za ku Maputo mu Seputembala 2010 pamene mtengo wa buledi unakwera, ndipo mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakwezanso tirigu pa dziko lonse. Mayi amene alibe tirigu aike theka la kapu ya ufa wa chinangwa chokonzedwa bwino ndi kuonjezera theka la kapu ya mgaiwa. Mgaiwa pawokha sugwirana, koma ufa wa chinangwa umamata. Waffle wake satupa kwambiri, koma amakhutitsa.

M'nyengo imene nthochi zasowa, kapu imodzi ya mbatata yophika ndi kufinya imagwira ntchito yomweyo. Mbatata yabwino kwambiri ndi ija yofiirira m'kati ngati dzungu, chifukwa ili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Katswiri wa zaulimi Maria Andrade, amene wagwira ntchito yofalitsa mbatata imeneyi m'dziko muno kwa zaka zambiri, analandira mphotho ya World Food Prize mu 2016 pamodzi ndi anzake atatu.

Nkhani ya chiwaya

Maenje a waffle ali ndi ntchito yake. Amachititsa kuti mbali yaikulu ya ufa ikhudze chitsulo chotentha, ndiye keke amapsa msanga, kunja kuli khirichikhirichi, m'kati muli mofewa. Ziwaya za waffle zilipo za magetsi ndi zina za zitsulo ziwiri zopindika zoika pa mbaula. Amene ali ndi cha pa mbaula apake mafuta mbali zonse ziwiri, athire ufa pakati osadzaza, atseke, ndipo atembenuze pakatha mphindi zitatu kapena zinayi. Chizindikiro chakuti wapsa ndi nthunzi: ikachepa, atsegule. Wotsegula msanga amang'amba waffle pakati, theka kumamatira kumwamba, theka pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene alibe chiwaya chotere asadandaule. Ufa womwewu uthiridwe pa chiwaya wamba chopaka mafuta pang'ono, chipande chimodzi nthawi imodzi, pa moto wa makala osalilima. Timabowo tikayamba kuoneka pamwamba, atembenuze. Maenje sadzakhalapo, koma kakomedwe ndi komweko. Muyeso uli pamwambawu umatulutsa timakeke pafupifupi khumi, ndipo umadya mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi mandasi kapena zitumbuwa zimene zimasambira m'chiwaya. Kwa mayi wa geni, kusiyana kumeneku ndi ndalama yotsala m'kansalu.

Amene akufuna kupita kwa mmisiri kuti awasulire chiwaya asamale ndi chitsulo chake. Malata ofolera nyumba, chitsulo chopaka penti, ndiponso migolo kapena zitini zimene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena mafuta a galimoto, zonsezi siziyenera kukhudza chakudya ngakhale zitatsukidwa chotani. Chitsulo chakuda chokhuthala, chosapakidwa kanthu, ndicho choyenera.

Machenjezo atatu

Loyamba ndi la mtedza. Mtedza wa chuku, wofota kapena wowawa uli ndi poizoni amene madokotala amamutcha aflatoxin. Poizoniyu amaononga chiwindi, amapinimbiritsa ana, ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wofota kuti ukhale wa nsinjiro za pakhomo n'choopsa. Wachuku utayidwe.

Lachiwiri ndi la makanda. Mkaka wa mtedza ndi wa soya ndi wophikira chabe. Sungalowe m'malo mwa bere. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo akayamba kudya apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Lachitatu ndi lalikulu. Kuphika keke wa vegan si kutembenuka kukhala banja la vegan. M'zakudya zochokera ku zinyama muli vitamini B12, amene amathandiza magazi ndi mitsempha, ndipo sapezeka mu chimanga, nyemba kapena masamba. Anthu a vegan a ku Ulaya amamupeza m'mapiritsi ndi m'zakudya za kusitolo zimene zathiridwa vitaminiyo. Pamudzi pano gwero lake ndi matemba ndi mlamba za ku nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, mazira, nkhuku, mbewa ndi nyama ikapezeka. Anthu a kuno akudziwa mmene ndiwo zinasowera pamene nyanja ya Chilwa inauma mu 1995 ndi mu 2018. Nsomba zikakhalapo, mwana asamanidwe chifukwa cha fashoni ya m'foni.

Palinso zikhulupiriro zakale zakuti mwana akadya mazira adwala khunyu, kapena kuti mayi woyembekezera akadya dzira abereka mwana wopanda tsitsi. A zaumoyo sanapezepo umboni wa zimenezi. Dzira lophika mpaka kulimba ndi labwino kwa mayi woyembekezera ndiponso kwa mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Ndipo kuti mazirawo asasowe, abambo nawo ali ndi mbali yawo: katemera wa chitopa wodontheza m'diso la nkhuku amaperekedwa katatu pa chaka, ndipo alangizi a ziweto a m'boma lino angauze aliyense nthawi yake.

Tsono Loweruka likudzali, mayi amene ali ndi nthochi ziwiri zakupsa ndi dzira limodzi m'lichero adziwa chochita. Nthochi zilowe mu ufa, banja lonse limwere tiyi. Dzira liwiritsidwe pa mphika wina, ndipo lipite kwa wamng'ono kwambiri pakhomopo. M'mera mpoyamba.