Malire ali ndi mbali ziwiri, atsogoleri athu amaona imodzi

Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika adaitana Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ku Nsanje kuti adzaonerere kutsegulira kwa doko latsopano. Ng'oma zidalira, amayi adavina, koma chombo chonyamula feteleza chomwe anthu amachidikira sichidafike. Akuluakulu a boma la Mozambique adachigwira ku Marromeu, pamtsinje wa Zambezi. Tidathira konkire tisanamvane ndi eni madzi omwe zombozo zimayenera kudutsamo. Mpaka lero dokolo langokhala gwaa, katundu wathu akubwerabe pamsana pa mathiraki.

Wina akadaganiza kuti manyazi a tsiku limenelo adatiphunzitsa kanthu. Ayi ndithu. Mu Marichi 2025 unduna wa zamalonda udaletsa kulowetsa m'dziko muno katundu wina, kuphatikizapo mpunga, ufa ndi zipatso, ati pofuna kuteteza alimi athu ndi kusunga ndalama zakunja. Cholingacho sindikutsutsana nacho. Koma kodi adayamba akhala pansi ndi anzathu a ku Tanzania, dziko lomwe doko lake la Dar es Salaam timadalira pa mafuta ndi feteleza? Yankho tidaliona mu Epulo, pomwe nduna ya zaulimi ya kumeneko panthawiyo, Hussein Bashe, idabwezera poletsa zokolola za ku Malawi ndi kuopseza kuti feteleza wathu sadutsanso. Katundu wa amayi a geni adaonongekera pa Songwe. Patangotha masiku ochepa chiletsocho chidachotsedwa, kenako nthumwi zathu zidapita kukakambirana. Zokambirana zomwe zikadachitika lamulo lisanatuluke zidachitika nthochi zitaola kale.

Dziko lopanda nyanja yamchere silichita matama pachipata. Matumba a feteleza, malita a petulo, mankhwala a m'chipatala, zambiri zimalowera pa Mwanza, Dedza, Songwe, Mchinji, Muloza kapena Chiponde, zitadutsa kale m'dziko la eni. Thiraki yochokera ku Durban imaima pa Beitbridge, iimenso pa Nyamapanda, idutse Tete, idzaimenso pa Zobue isanaone Mwanza. Tsiku lililonse lomwe yagona pamzere, mwini wake amaliwerengera ndalama, ndipo salipira ndi iye. Amalipira ndi mlimi wa ku Ntchisi pogula feteleza, amalipira ndi mayi wokwera minibasi ku Ndirande.

Boma lidzayankha kuti likugwirapo ntchito, lidzaloza nyumba yokongola ya pa Mchinji ndi Mwami yomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema adatsegulira mu Disembala 2022, pomwe thiraki imayenera kuima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Nzabwino, ngakhale tidachedwa: Zambia ndi Zimbabwe adayamba zimenezi pa Chirundu kale mu 2009. Koma nyumba siidinda mapepala. M'kati mwake muli a MRA, a Immigration, a Malawi Bureau of Standards, a zaumoyo, a zaulimi, apolisi, aliyense ndi bwana wake ku Lilongwe kapena ku Blantyre, aliyense ndi chidindo chake. Mmodzi akapita ku nkhomaliro, mzere wonse waima. Netiweki ikagwa, ma ejenti amangokhala pansi pa mtengo kudikira. Ndani pachipatapo ali ndi mphamvu yolamula onsewa kuti katundu ayang'anidwe kamodzi, ndi onse pamodzi, thiraki izipita? Ndani amachotsedwa ntchito thiraki ikagona masiku atatu popanda chifukwa?

Ndipo tisanamizane, kuchedwako ena kumawadyetsa. Pomwe pali mzere wautali pali munthu wogulitsa njira yachidule. Dalaivala yemwe ndalama ya chakudya yamuthera, akugona m'galimoto kuopa akuba mafuta ndi mabatire, sachedwa kupereka ya fanta kuti mapepala ake akwere pamwamba. Madalaivalawa akanyanyala ntchito timawanena kuti akusokoneza chuma, chonsecho chuma amachinyamula ndi iwowo, usiku, m'misewu ya maenje.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi njanji. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'dziko mwathu muno kupita ku Nacala, tikuziona ndi maso pa Nkaya ndi pa Liwonde, pomwe mafuta athu ambiri akubwerabe pa matayala. Njanji yopita ku Beira kudzera ku Nsanje idaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, ndipo maboma angapo alowa ndi kutuluka akulonjeza kuilumikiza. Zipolowe zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala 2024, misewu yochokera ku Beira idasokonekera, ife kuno tili kale pamizere ya mafuta chifukwa chosowa ndalama zakunja. Tidali titaiwala kuti m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatitsekera Beira ndi Nacala yemwe, katundu nkumazungulira ku Durban pamtengo wolira nawo.

Mapangano a SADC ndi COMESA tidasaina kale, ena sitikuwafuna. Aphungu a Nyumba ya Malamulo aitanitse nduna za zamtengatenga, zamalonda ndi zachuma tsiku limodzi, pa tebulo limodzi, zifotokoze kuti thiraki imatha maola angati pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Songwe. Chiwerengerocho chizisindikizidwa mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi dzina la mkulu woyankha pa chipata chilichonse. Ndipo nduna iliyonse yofuna kuletsa katundu wa dziko loyandikana nalo iziyamba yaonetsa kalata yomwe idalembera anzake a ku Dodoma, Maputo kapena Lusaka, ndi yankho lomwe idalandira.