Ulendo wa ku Lusaka: Mlendo ndi Mame

Nyengo yokolola yapita. Cimanga cili m'nkhokwe, nshawa ndi thonje zagulitsidwa, ndipo m'thumba mwa ambiri a ife muli kangacepe. Iyi ndiyo nyengo imene mau akuti "ndifuna ndikafikeko ku Lusaka" amamveka pa makomo ambiri kuno kum'mawa. Wina ali ndi kalata ya ku cipatala, wina akukalondola ndalama zake za penshoni, wina aperekeza mwana ku sukulu ya ukacenjede, pamene wina wangoti akaone mdzukulu amene anabadwa caka catha. Zonsezi ndi zifukwa zabwino. Koma taona maulendo ambiri otere, amene anayamba ndi cimwemwe, akuthera m'misozi ndi m'maudani a pa cibale cifukwa cakuti sanakonzedwe bwino. Mwezi uno tiyeni tikambirane za ulendo wa masiku awiri kapena atatu wa ku likulu la dziko lathu.

Tisaganize kuti nkhani yotere ilibe malo m'magazini ya Mpingo. Luka Woyera, m'mutu waciwiri wa Mthenga Wabwino, akutisimbira za banja lina la kumudzi limene linkapita ku likulu caka ndi caka. Yosefe ndi Maria anacoka ku Nazareti kupita ku Yerusalemu pa cikondwerero ca Paska, ulendo wa makilomita oposa 100, Mwana Yezu ali ndi zaka 12. Pobwerera anayenda tsiku lathunthu poganiza kuti mwanayo ali pakati pa abale ndi anansi, ndipo anampeza m'Nyumba ya Mulungu patapita masiku atatu. Ngati Banja Loyera linalawa nkhawa ya mumzinda waukulu, ife ndife yani kuti tinyamuke cinyamukire?

Dziwitsani eni nyumba

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Zaka zingapo zapitazo tinali ndi nkhani ya mapepala imene ikadatha m'masiku awiri. Tinanyamuka atatu, ife, amai a kunyumba ndi mdzukulu, osauza munthu aliyense, poti tinkati kwa mphwathu ndi kwathu komwe. Tinafika kutada pa nyumba ya zipinda ziwiri m'komboni ina, m'mene munali kale anthu asanu ndi mmodzi. Anatilandira ndi ulemu wonse. Anatisiyira bedi lao, iwo nagona pansi. Tsiku loyamba tinadya nkhuku, laciwiri nyama, ndipo poona kukoma kwa moyo wa m'tauni tinakhala masiku asanu ndi anai. Patapita miyezi iwiri m'pamene tinamva kwa mlongo wathu kuti mpongozi uja anakatenga kaloba kuti atidyetse, ndi kuti mwezi umenewo analephera kulipira nyumba. Manyazi amene tinamva tsiku limenelo sitinawaiwale.

Kumudzi mlendo akafika timapita ku nkhokwe, kudimba ndi ku khola. Ku Lusaka munthu amagula ufa, ndiwo, makala, madzi ndi magetsi, ndiponso amalipira denga limene akugonamo. Mbale wathu sadzatiuza zimenezi, pakuti mwambo sumulola kudandaula pamaso pa mkulu. Udindo uli kwa ife alendo. Tiimbe lamya kukali sabata imodzi kapena ziwiri, tinene cimene tikudzera, anthu amene tikubwera nao, tsiku lofika ndi tsiku lobwerera. Tifunsenso moona mtima ngati nthawiyo ili bwino kwa iwo, ndipo akatiuza kuti tidikireko mpaka mwezi uthe tisakwiye. Tisapite manja lende. Kathumba ka ufa wa mgaiwa, nshawa, nyemba, kandolo kapena mfutso ndi mphatso yaikulu m'tauni. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti dzuwa likakwera iye amakhala atapita.

Mapepala ndi ndalama

Safunsa anadya phula. Tisananyamuke tifunse kwa amene anayendapo kale pa nkhani yonga yathu. Maofesi a Boma amagwira nchito kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, ndipo amatseka pa masiku a cikondwerero a dziko. Munthu wofika Lacisanu madzulo wadzipatsa yekha masiku awiri ongokhala. Citupa ca reji cikhale cinthu coyamba kulowa m'cola, pamodzi ndi makope ake awiri kapena atatu. Wopita ku cipatala cacikulu ca UTH, ku cipatala ca matenda a khansa cimene cili pafupi naco, kapena ku Levy Mwanawasa, asaiwale kalata yomtumiza yocokera ku cipatala ca kwao, makadi ake akale, khadi la NHIMA ngati ali nalo, ndi mankhwala amene akumwa. Wodwala asapite yekha.

Ndalama tizigawe patatu: ya ulendo wopita, yodyera ndi kuyendera mumzinda, ndi ya ulendo wobwerera. Gawo lacitatuli likhale ngati copereka ca pa guwa, losakhudzidwa ngakhale maso aone citenje cokongola ku Kamwala. Ambiri amene amakhalitsa kwa abale sacita dala ai, koma kuti anadya ndalama yobwererera. Ndi bwino kusunga ndalama zambiri m'foni ndi kunyamula zocepa m'thumba, koma nambala yacinsinsi isauzidwe munthu, ngakhale atalankhula mokoma bwanji. Mukalandira uthenga wokuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala yacilendo, yambani mwaimbira mwini wakeyo, mumve liu lake. Ndipo popeza foni imatha moto kapena kubedwa, lembani pa kapepala manambala a abale awiri ndi dzina la komboni, ndi cizindikiro ca pafupi ndi nyumba, monga chalichi, sukulu kapena msika.

Pa mseu wa Great East

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, ndipo basi imatenga maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Gulani tikiti dzulo lake ndipo kwerani basi ya m'mamawa, kuti mukafike dzuwa likalipo. Mudzapitirira Katete, Sinda, Petauke, Nyimba ndi Kacholola, kenaka mudzatsikira ku mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968. Mtsinje umenewu ndiwo malire a cigawo ca kum'mawa ndi cigawo ca Lusaka. Kutsidya kwake kuli msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa, ndipo apa m'pamene munthu angaonjezere mphatso ya eni nyumba. Kucokera pamenepo patsala makilomita oposa 200, kudzera m'mapiri okhotakhota a Manenekela, Rufunsa ndi Chongwe. Amene amacita cizungulire m'galimoto asadye zamafuta zambiri. Dalaivala akayamba kuthamanga mopitirira muyeso, kumdzudzula mwaulemu si mwano ai. Moyo uli m'basimo ndi wathu tonse.

Polowa mumzinda mudzaona University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, kenaka Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo. Pafupi ndi pamenepa m'pamene panali mudzi wa mfumu Lusaaka, mwini dzina la mzindawu. Njanji inafika m'derali mu 1905, ndipo mu 1935 atsamunda anasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kubwera kuno. Pa kalembera wa 2022 boma la Lusaka lokha linapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni. Tikunena izi kuti wobwera koyamba adziwe kuti kumeneko sangafunse munthu wa pa mseu kuti kwa auje ndi kuti.

Pofika

Basi idzakutsitsani pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi. Phokoso la pamenepo limasokoneza ngakhale munthu wozolowera. Anyamata oitanira mabasi adzakuzingani, wina kukoka cola, wina kukuchulani kuti amalume kapena agogo. Musapereke katundu kwa munthu musanagwirizane naye mtengo, ndipo musamcotse maso. Ngati wodzakucingamirani wacedwa, khalani pamalo amodzi poonekera, mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafuna kufunsa njira, funsani wapolisi, mlonda wovala yunifomu kapena mai wogulitsa amene wakhala pa malonda ake.

Mabasi ang'onoang'ono a m'makomboni amanyamukira pa masiteshoni ena, monga Kulima Tower, City Market ndi Millennium. Funsani kondakitala kumene basi ikupita ndi mtengo wake musanakwere. M'mseu wa Cairo ndi ku msika wa Soweto, kumene anthu amapanikizana, cola cikhale kutsogolo ndipo foni isakhale m'thumba la kumbuyo. Mwana agwidwe pa dzanja nthawi zonse. Atate asaganize kuti mwana ali ndi amai, amai naonso n'kumaganiza kuti ali ndi atate, pakuti Banja Loyera linavutika masiku atatu cifukwa ca kuganiza kuti mwana ali ndi ena. M'thumba la mwanayo muikemo kapepala ka dzina lake ndi nambala ya lamya yanu.

Samalaninso za madzi ndi zakudya za m'mbali mwa mseu, makamaka nyengo ya mvula. Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu mazanamazana m'dziko muno, ambiri a iwo a mu Lusaka, kotero kuti bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, sambani m'manja ndi sopo, ndipo idyani cakudya cikali cotentha.

Zoyenera kuona

Nchito imene mwadzera ikatha, patulani theka la tsiku kuti muone likulu lanu, makamaka ngati muli ndi ana. Mu mseu wa Independence muli cipilala ca Ufulu, ca munthu wodula unyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka khumi za ufulu wathu. Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum. Mukapitirira ndi mseu womwewo mudzafika ku Embassy Park, kumene anaikidwa atsogoleri athu Levy Mwanawasa, Frederick Chiluba, Michael Sata, Kenneth Kaunda ndi Rupiah Banda. Ku Chilenje kuli kanyumba nambala 394, m'mene Dr. Kaunda ankakhala ndi banja lake kuyambira 1960 mpaka 1962, pa nthawi yomenyera ufulu. Mwana wa kumudzi akaona kucepa kwa kanyumbako amaphunzira kuti munthu sakula cifukwa ca nyumba imene akugonamo. Koma musaunjike zambiri pa tsiku limodzi; mapanga awiri avumbwitsa.

Kwa ife Akatolika pali malo amodzi amene sitiyenera kuwaphonya. Pa 4 May 1989 Papa John Paul II anacita Misa pa bwalo limene lero lichedwa Pope Square, ndipo pamenepo panamangidwa chalichi cacikulu ca Arkidayosizi ya Lusaka, Cathedral of the Child Jesus, cimene cinadalitsidwa mu 2006. Amene anatsogolera nchitoyo ndi mwana wa kuno kwathu, Ambuye Medardo Mazombwe, amene anali Episkopi wa Chipata asanapite ku Lusaka mu 1996. Iwo anakhala Kadinala mu 2010, mbadwa yoyamba ya Zambia kulandira udindo umenewu, ndipo anamwalira mu 2013. Dzina la chalichico, Mwana Yezu, litikumbutse kumene Maria ndi Yosefe anampeza mwana wao mumzinda waukulu uja. Lowani, gwadani, mupempherere eni nyumba amene akusungani.

Lamulungu likakupezani ku Lusaka, ulendo si cifukwa cophonyera Misa. M'makomboni muli maparishi ambiri, ndipo ambiri a iwo ali ndi Misa ya m'Cinyanja. Funsani nthawi yake Loweruka. Mukapeza kuti abale anu analeka kupemphera, musasandutse nyumba yao bwalo la milandu. Apempheni mofatsa kuti akuperekezeni poti inu simudziwa njira, ndipo madzulo tulutsani korona, muitane ana. Taona mabanja amene anabwerera ku Masakramenti cifukwa ca agogo a kumudzi amene anangokhala nao masiku atatu.

Pobwerera

Tsiku limene munalonjeza likakwana, nyamukani, ngakhale eni nyumba anene kuti mukhaleko pang'ono. Mau amenewo ndi ulemu cabe. Musanyamule mndandanda wa zopempha, ndipo musawasiyire mwana woti amphunzitse ngati nkhaniyo simunakambirane kale. Mukafika kumudzi, imbani lamya kuthokoza. Zimene munaona m'nyumba mwao, kaya ndi kusowa kaya ndi kukangana, zitsale komweko, pakuti akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Caka catha tinapitanso kwa mphwathu uja. Tinaimba lamya kukali sabata ziwiri, tinanyamula ufa, nyemba ndi nkhuku ziwiri, ndipo tinagona masiku awiri okha. Potiperekeza ku siteshoni mpongozi anati, "Atate, ulendo uno mwafulumira. Mudzabwerenso liti?" Tinayang'ana nkhope yake ndipo tinadziwa kuti akunena zoona.

Yosefe Woyera, mtetezi wa mabanja, ayende nanu nonse amene muli pa ulendo mwezi uno. Tidzacezanso mwezi wa mawa.