Kholo si thumba la ndalama chabe

Chaka chilichonse bungwe la MANEB, lomwe limayendetsa mayeso a boma m'Malawi, likatulutsa zotsatira za MSCE, omwe ndi mayeso otsekera Fomu 4, sukulu zimene sizinachite bwino zimathamangira kuloza chala makolo kuti salabadira maphunziro a ana awo, koma siziulula kuti ndi izo zomwe zinazoloweretsa makolowo kuganiza kuti udindo wawo umathera pa kulipira. Msonkhano wa PTA, komiti yolumikizanitsa makolo ndi aphunzitsi, kawirikawiri wakhala ukuitanidwa pakafunika ndalama za chitukuko, njerwa za chimbudzi kapena malipiro a mlonda, ndipo kholo likaitanidwa palokha limadziwiratu kuti mwana wapalamula.

Vutoli ndi lalikulu m'sukulu za CDSS, zomwe ndi sekondale zoyendera za m'madera, kumene kwadzaza ana ochuluka chilowereni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Mwana wa kusukulu yogonera komweko ali ndi belu lomudzutsa ndiponso nthawi yowerenga usiku, pamene wa ku CDSS belu lake ndi kholo. Mtsikana amene waweruka masana, nayenda mtunda wautali, kenako n'kutumidwa kumjigo, kuchigayo ndi kukaphika nsima mchimwene wake ali kubwalo la mpira, amatsegula kope maso atalemera kale, ndipo tochi ya m'nyumbamo ikakhala imodzi, sifika kwa iye. Ana amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu ndiye amangotumiziridwa ufa ndi nyemba, popanda wofunsa ngati akulowadi m'kalasi.

Ena amati kholo losaphunzira silingathandize mwana pa Masamu kapena Biology, ndipo m'pomveka, koma mfundoyi ikusokoneza kuphunzitsa ndi kuyang'anira. Mayi wosadziwa kuwerenga amatha kugawa ntchito za pakhomo mwachilungamo, kukana kuti mwana ajombe chifukwa cha ganyu nyengo yopalira, ndiponso kufunsa lipoti teremu ikatha. Chimene chimamulepheretsa ndi chakuti palibe anamufotokozerapo tanthauzo la manambala ali papepalapo. Pa MSCE, 1 ndiye kukhoza kwapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa, komanso wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza zina zonse. Bambo amene amadziwa kuti matumba 9 a chimanga amaposa thumba limodzi akhoza kumuyamikira mwana yemwe walephera, ndipo ana ena, ochenjera monga aliri, sawongola bambo awo.

Kufotokoza zimenezi m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao sikulira bajeti ya unduna wa zamaphunziro, kumangofuna mphunzitsi wamkulu wololera kuchotsa nkhani ya njerwa pa msonkhano umodzi, n'kuika makope a ana patebulo kuti makolo aone okha masamba amene sanalembedwe chiyambire teremu.