Za Ana Athu ndi Maphunziro: Amene Amayesa Mlatho Usanamangidwe



Aliyense wa kunyanja amene anakwerapo msewu wochokera ku Golomoti kupita ku Dedza amadziwa mmene umakhotera m'phiri. Apaulendo amatchula Allah pa ngodya iliyonse, ndipo n'koyenera kutero. Koma msewuwo usanalambulidwe panali anthu amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti dothi la m'mbali lidzapirira mvula yotani, ndipo mlatho udzanyamula katundu wolemera bwanji. Ulendo uno tikambe za ntchito imeneyi.

Ntchitoyi ili pawiri. Ena amafufuza zipangizo: simenti, chitsulo, matabwa, dongo. Ku Dedza kuli dongo labwino, makamaka cha ku Linthipe, ndipo a Dedza Pottery akhala akuumba mbale ndi makapu kuyambira 1987. Woumba mbiya amadziwa ndi manja kuti dongo lakuti limasweka pamoto. Katswiri wa zipangizo amafunsa chifukwa chake, amayesa kutentha, n'kupeza choti asakanize kuti lisasweke.

Ena amagwiritsa ntchito kompyuta. Amajambula mlatho kapena boti, n'kugawa chithunzicho m'tizidutswa tambirimbiri. Kompyuta imawerengera mphamvu imene kachidutswa kalikonse kalandire, choncho pamene padzayambire mng'alu pamaoneka njerwa imodzi isanaikidwe. Njirayi amaitcha finite element method, dzina limene Ray Clough wa ku America anaipatsa mu 1960.

Kodi zikutikhudza bwanji ife? Chivomezi chinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Mu 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, magetsi n'kusowa m'dziko muno kwa miyezi yambiri. Mu 2023 namondwe Freddy anakokolola milatho ndi misewu kumwera. Pomanganso, pafunika anthu odziwa nthaka yathu ndi mvula yathu, ndipo anthuwo ali m'makalasi lero.

Ena mwa ife timaganizabe kuti masamu ndi a eni ake. Agogo athu anali ndi chifukwa choopera sukulu za amishoni, koma nthawi imeneyo inapita. Ndiponso masamu si achilendo m'Chisilamu. Liwu loti algebra linachokera ku dzina la buku la al-Khwarizmi wa ku Baghdad. Fazlur Rahman Khan, Msilamu wobadwira ku Dhaka mu 1929, ndiye anawerengera mafupa a Sears Tower ku Chicago, nyumba imene inali yaitali kuposa zonse pa dziko kwa zaka zoposa 20. Anagwiranso ntchito pa malo olandirira Mahaji pa bwalo la ndege la ku Jeddah. Amene munapita ku Haji mwina munakhala pamthunzi wa ntchito yake.

Njira yake ndi iyi. Mwana akhoze bwino masamu, physics ndi chemistry pa MSCE. Akatero angathe kusankhidwa kupita ku MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic mpaka 2021, kapena ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa za zitsulo ndi zipangizo. Digiri ya uinjiniya imatenga zaka 5. Wofuna kukhala wofufuza kapena mphunzitsi wa pa yunivesite amawonjeza digiri yachiwiri ndi yachitatu, nthawi zambiri kunja.

Tisanamizane, ulendowu ndi wautali. Anzake adzakhala atagula injini ya boti iye akadali ndi mabuku. Apa ndi pamene makolo ambiri amafooka, n'kumuitana mwana kuti akathandize kukoka khoka, kapena mtsikana kuti akwatiwe.

Pempho langa n'lakuti tiwapatse nthawi. Madrasa masana, homuweki madzulo, nyali ikhalepo. Mukamva aphunzitsi akunena kuti mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, ali ndi mutu wa masamu, pitani kusukuluko mukawafunse maphunziro amene asankhe akafika Fomu 3. Chisankho chimenecho n'chimene chimatsegula kapena kutseka khomo.

Tidzakumananso m'kope likubwerali, Insha Allah.