Wosaweruka pantchito si ngwazi

Miwa Sado, mtolankhani wa wayilesi ya kanema ya NHK ku Japan, anamupeza atamwalira pabedi mu July 2013, foni ili m'manja. Anali ndi zaka 31. M'mwezi wake womaliza, akuthamanga ndi nkhani za zisankho ku Tokyo, anagwira maola 159 a ovataimu n'kupuma masiku awiri okha. Mtima unatopa n'kuima. A NHK anadzaulula nkhaniyi mu 2017.

Munthu wotere mabwana amamukonda. Ndi uja amayankha uthenga wa WhatsApp 11 koloko usiku, amene tchuthi chake chimangounjikana, amene ngakhale pamaliro a m'bale wake amazemba pagulu kukayankha foni ya ku ofesi kuseri kwa nyumba. Pamsonkhano amamuloza: "Muzitengera mnzanuyu." Chiyamikiro chimenechi n'chachinyengo, chifukwa phindu limapita ku kampani koma ngongole imatsala m'thupi mwa mwini khamalo.

Katswiri wina, Johannes Siegrist, anafotokoza mu 1996 kuti ntchito imadwalitsa pamene munthu akutaya thukuta lambiri koma malipiro, ulemu ndi chitsimikizo choti mawa ntchito ikhalapobe zili zoperewera. Anaonanso kuti alipo ena amene satha kuitula ntchito m'mutu: akadzuka imayamba kuwazunguza, akagona amagona nayo.

Thupi silisiyanitsa mkango ndi lipoti lomwe abwana akulifuna mawa m'mawa. Ubongo ukamva kuti zinthu zathina, umalamula tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Adrenaline amathamangitsa mtima. Cortisol amachulukitsa shuga m'magazi kuti munthu apeze mphamvu zothawira kapena kumenya nkhondo. Cortisol si mdani ayi. Popanda iye munthu sangakhale ndi moyo. Amakwera munthu akangodzuka, kenako amatsika pang'onopang'ono mpaka usiku kuti tulo tibwere. Vuto limayamba kukwerako kukakhala kwa tsiku ndi tsiku, miyezi ndi miyezi: tulo timasowa, BP imakwera, mafuta amaunjikana pamimba, shuga amayamba kuvuta, ndipo thupi limafooka polimbana ndi matenda.

Izi anaziyeza. Ku London kuli kafukufuku wa Whitehall II amene Michael Marmot anayambitsa mu 1985 potsatira umoyo wa ogwira ntchito m'boma oposa 10,000. Mu 2004, Andrew Steptoe ndi anzake, kuphatikizapo Siegrist ndi Marmot, anafalitsa zomwe anapeza atayeza malovu ndi BP ya ena mwa anthuwa tsiku lonse la ntchito. Amuna odzipereka mopyola muyeso anali ndi cortisol wokwera komanso BP yokwera kuposa anzawo. N'zoona kuti akatswiri sapeza zofanana nthawi zonse. Mwa ena amene atheratu ndi kutopa, cortisol amapezeka wotsika. Koma thupi lomwe lasiya kudzidzutsa m'mawa silinganenedwe kuti lili bwino.

Amene akukayika za mahomoni awerenge mitembo. Mu 2021, mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti mu 2016 anthu 745,000 padziko lonse anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Wogwira maola otere ali pachiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40.

Ena adzati palibe amawakakamiza, ndi khalidwe lawo. Mwina. Koma khalidwelo limamera bwino pamene ntchito ya anthu atatu yapatsidwa kwa mmodzi, kontirakiti ikutha chaka chilichonse, ndipo panja pali mazana a achinyamata ogwira madigiri akudikira mpando womwewo. Kumuuza munthu wotere kuti azichita masewera olimbitsa thupi ndi kupuma mpweya mwakuya, ntchito osamuchepetsera, ndi kumunyoza.

Ku Japan zinatengera imfa ina, ya Matsuri Takahashi wa zaka 24, yemwe anadzipha pa Khirisimasi ya 2015 atapanikizika ndi ntchito ku kampani ya Dentsu, kuti mkulu wa kampaniyo atule pansi udindo ndipo boma liike malire a ovataimu, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2019. Ku France, kuyambira 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ku ntchito akaweruka.

Kuno ku Malawi, lamulo la ntchito la 2000 limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, kupatula ovataimu. Mauthenga a usiku aja salembedwa m'kaundula aliyense, ndipo palibe amalipidwa. Mabungwe a ogwira ntchito, amene amakhala pamzere woyamba pankhani ya malipiro, akuyenera kufika nayo nkhani imeneyi ku unduna wa zantchito ndi kwa olemba anthu ntchito.