Maganizo a Mkonzi: Malonda Asabisale m'Pulogalamu

Wailesi zambiri sizingayende popanda malonda. Magetsi, malipiro a antchito ndi chiphaso cha ku MACRA zonse zimafuna ndalama, ndipo sitikudandaula kuti makampani amalipirira mapulogalamu.

Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi woulutsa mawu amene, ali mkati mocheza ndi omvera oyimba foni, amangolowetsapo zoti iye mwini anamwa mankhwala azitsamba akutiakuti ndipo shuga anatsika. Sanena kuti walipidwa. Agogo akumudzi omwe amamva mawu ake m'mawa uliwonse amawatenga ngati uphungu wa mwana wawo, mwina mpaka kusiya mankhwala akuchipatala. Akanakhala kuti woulutsayo akutamanda sopo bwenzi tikungoseka, koma shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimapha.

Eni wailesi alekanitse malonda ndi pulogalamu: pazimveka kanyimbo ndi mawu oti tsopano ndi nthawi ya malonda. Woulutsa mawu asachitire umboni za matenda pomwe iye si dokotala. Ndipo a PMRA, omwe amayang'anira mankhwala m'dziko muno, azitchera khutu ku mapulogalamu oterewa.