Kalata si Mwano

Mwezi wa Disembala caka catha ndinataya K1,800 cifukwa ca ulemu. Ndine mphunzitsi, digili ndili nayo, ndipo temu iliyonse ndimaphunzitsa ana a sekondale kalembedwe ka kalata: adilesi pamwamba, deti, mutu wa nkhani, siginecha pansi. Koma itafika nthawi yocoka m'nyumba ya zipinda ziwili imene ndinakhalamo zaka zitatu ku Mtendere, sindinalembe kanthu. Ndinangopita pakhonde pa alandilodi, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti, "Amai, mwezi wamawa ukatha ndidzasamuka." Iwo anati, "Palibe vuto, mwana wanga, Mulungu akutsogolele."

Tsiku lopeleka makiyi, "mwana wanga" uja anasanduka "aphunzitsi". "Aphunzitsi, munandiuza liti? Manje nyumba idzakhala cabe mwezi wonse. Dipoziti yalowa pamenepo." Mboni yanga inali nkhuku zao.

Amai aja ndinawakhululukila. Cimene sindingakhululukile ndi mwambo wathu wa mu komboni woona pepala monga cipongwe. Ukapempha lisiti, akufunsa kuti, "Ndiye kuti sundikhulupilila?" Ukapempha pangano lolemba, akuti wayamba kudzimva sukulu. Ife, poopa kuchedwa amwano, timangoti zikomo. Nanga ulemu umenewu umadyetsa ndani? Amene ali ndi makiyi. Lendi ikwela ndi uthenga wa pa WhatsApp pa 28, kuyambila pa 1. Mwana wa eninyumba akafuna kukwatila, upatsidwa mlungu umodzi. Ukacedwa kulipila, upeza loko wina pacitseko, TV yako ili mkati. Koma iwe ukati ucoke, pamenepo m'pamene aliyense akumbukila liwu lakuti notisi.

Lamulo lilipo, ndipo si lacilendo. Rent Act, Caputala 206 ca malamulo a Zambia, ndi ya mu 1972, yakale kuposa alandilodi ena. Imati mwininyumba sangakutulutse popanda cigamulo ca khoti, ndipo sangagwile katundu wako cifukwa ca nkhongole ya lendi popanda cilolezo ca khoti. Palinso Small Claims Court, kumene munthu amadzilankhulila yekha popanda loya. Koma ukafika kumeneko udzaonetsa ciani? "Anati palibe vuto" si umboni.

Tsopano nditembenukile kwa inu, anzanga, cifukwa nafenso manja athu si oyela. Tonse timaidziwa Canter ya pakati pa usiku, yobwela magetsi ozimitsa, matilesi ndi mbaula n'kukwezedwa mwakacetecete, miyezi iwili yosalipila n'kutsala m'mbuyo. M'mawa timaseka kuti mnyamata ndi wocenjela. Si kucenjela kumeneko. Eninyumba ambili ku Chawama kapena ku Kanyama si olemela ai. Ndi amasiye ndi nkhalamba zopuma nchito, ndipo tuzipinda tumeneto ndiye penshoni yao, ndiye mankhwala a BP ndi unga wa adzukulu. Wothawa usiku wabela nkhalamba, ndipo wobwela pambuyo pake ndiye adzalipila, pomuuza kuti apeleke miyezi itatu asanalowe. Notisi ndi nkhongole yathu kwa iwo, monga mmene dipoziti ilili nkhongole yao kwa ife.

Ndipo kalata yake ndi yaifupi kuposa mauthenga amene mumalembela zibwenzi. Dzina lanu, nambala ya nyumba, deti ya lelo, deti yocoka, ndi pempho lakuti mukayendele nyumba pamodzi asanabweze dipoziti. Ngati munasainilana pangano, liwelengeni muone kuti lifuna notisi yotalika bwanji, ndipo musaganize kuti deti yake ikakwana zonse zatha zokha: lembanibe. Ngati mumangolipila mwezi ndi mwezi, pelekani mwezi wathunthu, kalata ifike mwezi watsopano usanayambe. Lembani ziwili, asaine zonse, imodzi musunge. Akakana kusaina, pitani ndi mnansi akhale mboni, kalatayo muijambule n'kuitumiza pa WhatsApp. Tsiku lotuluka jambulani makoma, mawindo, ndi mita ya ZESCO. Mauthenga a Airtel Money kapena MoMo musafufute, ndiwo malisiti anu.

Ena adzati pepala liononga ubale. Ubale wanga ndi amai aja unalibe pepala, ndipo lelo tikakumana pamsika timayang'ana tomato.

Temu yatha ndinasintha nchito ya m'kalasi. M'malo mwa kalata yofunsila nchito, imene ana amalemba caka ndi caka, ndinati aliyense alembe notisi kwa mwininyumba. Ndikusonkhanitsa mabuku, mtsikana wina wa kumbuyo anagwilitsa lake. "Aphunzitsi, mukaconga ndingang'ambe pepalali? Amai afuna ticoke mwezi wamawa."